Zitenje Zitatu za Mayi Anga

Mayi anga atamwalira, zovala zawo tinagawana pakhonde kwathu ku Ntcheu, azakhali akutulutsa chimodzichimodzi m'bokosi. Ine ndine mzime, ndipo mzime amatola zimene akuluakulu ake azilumpha. Madiresi apita, majuzi apita, nsapato za kutchalitchi zapita. Kwa ine kunatsala zitenje zitatu zakutha: chabuluu cha mawanga ngati nkhanga, chakhofi cha masamba, ndi china chotuwa chimene maluwa ake anali atafufutika kale. Sindinadandaule. Zimenezi ndi zomwe mayi ankavala tsiku ndi tsiku, ndipo ndikawakumbukira sindiwaona atavala diresi.

Ndinabwera nazo ku Nkope, kumene boma linanditumiza kudzaphunzitsa ndili mtsikana n'kundiiwala komweko. Ndinaziika pansi pa sutikesi, zinakhala zaka. Tsiku lina ndikufuna satifiketi ndinapeza njenjete zayamba kale phwando pa chakhofi chija. Ndinakhala pabedi nditachigwira, mtima ukundiwawa, ndikudziwa kuti ndikapitiriza kusunga motere ndidzatsala ndi fumbi.

Sabata yomweyo mwana wanga wamkazi anaimba foni kuchokera ku Zomba kuti ndi woyembekezera, ndipo poti ndi mimba yoyamba adzachirira kwa ine nthawi ya mwera. Mwana ameneyu analeredwa ndi mayi anga zaka zimene ine ndinali kukoleji ya aphunzitsi. Anaberekedwa ndi zitenje zomwezi. Ndinafuna kuti khanda lake ligonepo, koma nsalu zake zinali zitapyapyala moti ukaziyang'anitsa kudzuwa umaona mtengo wa tsidya.

Nzeru ndinaitola pa kaunjika, kumsika wa paboma. Ndikusanthula mulu wa mabulangete ndinakoka chofunda china cholemera, cha kunja, chokongola zedi. Nditachiyang'anitsitsa ndinaseka ndekha: zinali zigamba zokhazokha. Tizidutswa ta nsalu zosiyanasiyana, tolumikizidwa bwinobwino, pakati ataikapo chofewa, pansi nsalu imodzi, kenako ulusi utayenda ponseponse kugwirizanitsa zitatuzo. Ife tinakula tikuchita manyazi ndi chigamba, kuyenda chammbali kuti anzathu asaone kumbuyo kwa diresi, pomwe anzathu kwinako amachisandutsa chuma. Ndinachitembenuza kambirimbiri mpaka wogulitsa anandifunsa ngati ndikuchigula kapena ndikuchilemba mayeso. Sindinagule. Ndinakwera minibasi mutu uli wodzaza.

Vuto linali limodzi. Ine kusoka sindinkadziwa. Batani likathothoka ndinkagwiriziza ndi pini mpaka pini naye atachita dzimbiri.

Kuseri kwa mpanda wanga kunkakhala mayi wina wamsinkhu wanga, Myao, Msilamu, amene mwamuna wake anali telala wa pakhonde. Ine ndinkawaitana achemwali, iwo ankandiitana aphunzitsi, ndipo mawu amenewa ankawakoka m'njira yoti umve kuti akukuseka. Bambo aja anali atangomwalira, ndiye achemwali anali pa eda, nthawi imene mkazi wamasiye wachisilamu amakhala panyumba miyezi inayi ndi masiku khumi, osayendayenda, osadzikongoletsa. Mashini a malemu anali pakona atavindikiridwa ndi nsalu, ndipo iwo sankafuna n'komwe kumva kulira kwake. Koma zaka zonse za banja lawo ndiwo ankamalizitsa ntchito za pamanja, kupinda m'munsi, mabatani, zigamba. Singano ankaidziwa.

Ndinapita ndi zitenje zanga madzulo ena nditaweruka. Ndinawapeza pamkeka mkati mwa mpanda, atavala zotuwa, manja ali pamiyendo. Munthu amene ndinazolowera kumuona akuthamangathamanga ndi lichero la usipa, kumuona atangokhala chonchi kunandimvetsa chisoni. Ndinafotokoza zimene ndinaona kumsika, ndikujambula pansi ndi chala.

"Ndiye mukufuna bulangete kuno ku Mangochi?" anandifunsa. "Mwanayo mukufuna kumuphika?"

"Abadwa nthawi ya mwera, achemwali. Komanso ndi pogonera chabe."

Anatenga zitenje zija, kuzikoka pang'ono uku ndi uku, kuzinunkhiza.

"Zatopa izi. Koma zikagona pa chinzake zikhoza kupirira. Inuyo singano munaigwirapo?"

"Ndimaiona."

"Chambone, chabwino," anatero. "Bwerani mawa. Ine nthawi ndili nayo yochita kutaya."

Mawa lake ndinafika ngati ndikupita m'kalasi, ndi rula, choko ndi kope mmene ndinali nditajambula pulani yonse. Achemwali anayang'ana kopelo mozondotsa, n'kuliika pansi pa mkeka kuti mphepo isaulutse. Anadula kachidutswa ka katoni ya sopo, mbali zonse zinayi zofanana, kukula ngati chikhatho changa. Chimenecho ndicho chinali muyeso wathu. Umachiika pansalu, kuzunguliza choko, n'kusiya malo okwana chala chaching'ono kunja kwa mzere kuti msoko udzapeze pogwira.

Koma zitenje za mayi sanandilole kuzikhudza. Anatulutsa thumba la zotsala za malemu amuna awo n'kuti ndiyambe kuphunzirira pamenepo. Sabata ziwiri ndinasoka tizidutswa ta mayunifolomu a ana asukulu. Misoko yanga inali ikuluikulu, yokhotakhota, ndipo achemwali ankalowetsa chala pakati pake n'kundisuzumira kudzera pabowopo.

"Apa padutsa mbewa, aphunzitsi. Masulani."

Ndinkamasula. Ine amene ndakhala zaka zambirimbiri ndikulemba ndi cholembera chofiira m'makope a ana a eni kuti abwerezenso, ndinazimva mmene zimawawira. Zala zinabooka. Ulusi ndinkaudula wautali kuti ndisavutike kulowetsa pasingano kawirikawiri, ndiye unkapotana n'kumanga mfundo. Anandiuza kuti ulusi usapitirire kuchokera kuchala kufika pachigongono, ndipo ulesi wa polowetsa umalipiridwa pomasula.

Sindinganame, masiku amenewo anali okoma. Ndikaweruka ndinkadya msangamsanga n'kulowa kuseri. Tinkakhala pamthunzi wa mtengo wa mango, nkhuku zikutizungulira, fungo la usipa wa pathandala likubwera ndi mphepo. Nthawi ya swala ikakwana ankanyamuka kukapemphera m'nyumba, ine n'kumapitiriza ndekha. Nthawi zina ankakamba za malemu, momwe ankalumira ulusi ndi dzino limodzi lomwelo mpaka linachita mpata.

Tsiku lodula zitenje za mayi, sizasi inandilemera. Nsalu ya m'sitolo ukalakwitsa umakagula ina, koma izi zinali zitatu basi padziko lonse. Ndinaika katoni, ndinazunguliza choko, kenako ndinangokhala.

"Dulani," anatero achemwali motsitsa mawu. "Njenjete sizikupemphani chilolezo."

Ndinadula. Chigamba choyamba chitagwera pamkeka misozi inalengeza, koma chachiwiri chinali chosavuta.

Pa chitenje chotuwa chija panali nsonga imodzi yonyansa. Mayi ankamangapo kiyi wa bokosi lawo, mmene ankasungamo shuga ndi masamba a tiyi, ndipo pomangamanga zaka zonsezo nsaluyo inakhwinyata mpaka kalekale. Ndinaisita ndi simbi yamakala, kuwaza madzi, kusitanso, koma makwinya ankabwerera. Panalinso timabowo ting'onoting'ono tambiri. Ndinati njenjete zimenezi, ndipo ndinaikankhira ku mulu wotaya. Achemwali anaitola n'kuiyang'ana kudzuwa.

"Njenjete sizidya chonchi. Kaya n'chiyani, koma si njenjete. Ikani pakati penipeni, tiziika kansalu kumbuyo kuti ilimbe."

"Pakati? Chinthu chonyansa chonchi?"

"Mukufuna mayi anu kapena mukufuna maluwa?"

Ndinaika pakati, koma mumtima ndikung'ung'udza.

Titayala zigamba zonse pamkeka, zinaoneka kuti sizikwana. Malo odyeka ndi othetheka anali ambiri, ndiye chofundacho chikanangokhala ngati kansalu ka patebulo. Panafunika nsalu ina yozungulira m'mbali ndi yolowetsa m'mizere ingapo. Loweruka ndinapita kuboma n'kugula chitenje chatsopano chofiira ngati chidede, cholimba ndi sitachi, chochita kulira ukachipinda. Ndinachikonda kwambiri.

Achemwali anangochikhudza ndi zala ziwiri.

"Ichi sichinamwe madzi. Kachiviikeni kaye, muchichape kawiri kapena katatu mpaka madzi ayere, chiume, ndiye mudule. Nsalu yatsopano ikalowa m'madzi imabwerera, imachepa. Zakalezi zinabwerera kalekale. Mukazikwatitsa chonchi zidzakokana."

"Ndamva," ndinatero.

Kumva ndinamvadi, koma sindinavomere. Kwathu nsalu yopita kwa khanda imapita ili yatsopano, sitachi ili momwemo, kuti aliyense woona adziwe kuti agogo sanatole pa kaunjika. Mayi anga omwewo ankati mphatso yochapa ndi mphatso yovala kale. Ndinaganiza za apongozi a mwana wanga akubwera kudzaona khanda, n'kupeza zigamba zakutha zokhazokha popanda kanthu kowala. Komanso nsalu ya sitachi imadulika mokoma, mzere umawongoka ngati wa m'kope. Ndiye poti sukulu inali itatsekera, ndinauza achemwali kuti ndikasokera kunyumba kuti ndifulumire. Iwo anandifunsa funso limodzi.

"Mwachapa?"

"Ndichapa mawa."

Mawa limenelo silinafike. Paja ndadziwa kale adamanga nyumba yopanda khomo.

Holide yonse ndinasoka ndekha pakhonde langa. Ndinalumikiza mizere, ndinazunguliza chofiira chija m'mbali, ndipo poti chabuluu cha mawanga a nkhanga chinkaoneka bwino pafupi ndi chofiira, zigamba zake zambiri ndinaziika mogundana nacho. Pakati ndinaika bulangete lakale lopyapyala, pansi nsalu ya bedi. Kenako ndinayendetsa ulusi mizeremizere kugwirizanitsa zonse, kuyambira pakati kupita kunja monga anandiphunzitsira. Ntchito imeneyi inapitirira mpaka sukulu itatsegulira. Msana unauma, maso anachita mdima, koma tsiku limene ndinamanga mfundo yomaliza ndinachiyala pabedi n'kuitana mphunzitsi mnzanga kuti adzaone. Ndinanyada ngati ndamanga nyumba ya malata.

Ndinapita nacho kuseri nditachipinda pamkono. Achemwali anachitambasula, anayendetsa chikhatho pamisoko, ndipo anati mbewa pano sizingadutsenso. Dzanja litafika pa chofiira chija linaima. Sanandikalipire. Anangofunsa kuti, "Nanga khandalo ligona pa thukuta la manja anu la miyezi itatu, ndi choko, ndi fungo la musutikesi?"

M'mapulani anga onse, ndi rula yanga, sindinaganizepo kuti chinthu cha khanda chimachapidwa lisanagonepo, ndipo likayamba kugonapo chimachapidwa mawa lililonse. Sitachi imene ndinkaiteteza inali yoti ichoke basi.

"Kachapeni," anatero. "Ndi madzi ozizira, msanga, osaviika. Kwalini, mwina Mulungu achita chifundo."

Ndinapita kunyanja Loweruka m'mawa, nthawi imene amayi amakhala atadzaza pamchenga ndi mabeseni awo. Ndinatunga madzi, ndinaviika chofunda, ndinangofinya kamodzi. Madzi a m'beseni anasanduka ngati ndaphera nkhuku momwemo. Ndinataya, ndinatunga ena, chimodzimodzi. Mayi wina amene ankachapa pafupi nane anasiya zake n'kubwera kudzandithandiza kutsukuluza. Tinachiyanika pa udzu. Ndinakhala pambali ndikuchiyang'ana chikuuma, ndipo ndinaona ndi maso anga m'mbali mukukhwinyata, chofiira chikudzikoka, pakati pakutukumuka. Nditachinyamula kuti ndichiwongole ndinamva kaphokoso kakang'ono, kenako kena. Chabuluu cha mayi chinang'ambika motsatira msoko, chigamba ndi chigamba, kuzungulira pafupifupi chofunda chonse. Zimene sizinang'ambike zinali zitamwa utoto. Chotuwa chija chinasanduka chofiirira mwa apo ndi apo, ngakhale nsonga ya kiyi pakati paja.

Ndinakhala pamchenga mpaka dzuwa linandiwotcha m'khosi. Chimene chinkandiwawa kwambiri n'chakuti panalibe womuloza chala. Njenjete zikanatenga zaka kuti zichite zimene ine ndinachita m'mawa umodzi. Chitenje chabuluu chija mayi anavala tsiku limene anandiperekeza kokwerera basi ndikubwera kuno koyamba, ndipo ndinachiwononga chifukwa choopa maso a apongozi amene mwina sakanayang'ana n'komwe.

Ndinalowa kuseri osaodira. Ndinachiponya pamkeka n'kukhala pansi. Ndinkayembekeza kuti anena kuti ndinakuuzani, ndipo ndikanalandira. Koma achemwali anachitembenuza, anawerenga ndi chala zigamba zamoyo, n'kulowa m'nyumba. Anatuluka ndi kalezala ndi chovala chopindidwa.

"Zovala za bambo tinapereka sadaka zonse," anatero. "Mkanjo uwu wokha ndinabisa. Ndinawauza abale awo kuti kolala inatha, n'chamanyazi kupatsa munthu. Koma thupi lake n'lolimba, ndipo wamwa madzi a m'nyanjayi zaka khumi. Sungakoke chinzake."

"Iyayi achemwali, umenewo ndi wanu. Ndawononga zanga, ndisawonongenso zanu."

"Ngwamba, ayi. Ukhala m'bokosi kudikira njenjete? Si inu munabwera kuno ndi nzeru imeneyi? Gwirani lezala, aphunzitsi. Masulani."

Tinamasula masiku anayi. Chofiira chonse chinachoka, ndipo pano ndimapukutira mbale. Pa chabuluu tinapulumutsa zigamba zisanu zokha. Mkanjo anadula okha, ine sindikanatha, ndipo podula ankalankhula Chiyao chapansipansi chimene sindinafunse tanthauzo lake. Tinasoka awiri, wina mbali iyi wina mbali iyo, mwera utayamba kale kugwedeza mpanda. Chofunda chinatuluka chocheperapo, chotuwa m'mbali, chamawanga ofiirira pakati. Chokongola ngati choyamba chija sichinali, ndipo sindidzanamiza munthu.

Eda yawo inatha chofunda chitatsala pang'ono. Titamaliza, ulendo wawo woyamba wa kunyanja unali wokachapa chimenechi. Ankayenda pang'onopang'ono ngati mlendo, amayi akuwalonjera mbali zonse. Ine ndinaviika chofunda m'beseni. Madzi anatuluka oyera, ndipo chitauma chinagona chathyathyathya pa udzu.

Mwana wanga anabwera, anachira bwino, anabereka mwana wamkazi. Atatuluka kuchipatala ndinayala chofunda pabedi. Achemwali anali ataima pakhomo la chipinda. Mwana wanga anagoneka khanda, n'kuyamba kuyang'ana.

"Amayi, mwasoka ndinu? Inu a pini?"

"Ndine."

"Nanga utotowu?"

"Ndi uphunzitsi wanga umenewo. Ndidzakuuza."

Anaseka, koma kuseka kunathera panjira. Anazindikira chakhofi, anazindikira mawanga a nkhanga. Kenako chala chake chinafika pakati, pa makwinya aja, n'kuima. Anasuntha khanda pang'ono kuti aone bwino.

"Apa ndi pa kiyi," anatero.

"Eya. Njenjete zinaboola, koma achemwali anakana kuti nditaye."

"Si njenjete, amayi. Ndi mano anga." Anapukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja. "Agogo akagona masana pamphasa ndinkamasula mfundoyi ndi mano, chifukwa ankamanga zolimba. Ndikanyambita shuga ndinkabweza kiyi n'kumanganso. Ndinkayesa kuti sakudziwa. Tsiku lina ndikuluma ndinamva akunena, maso ali chitsinzire, kuti usiyeko wa tiyi wa mawa."

Achemwali pakhomo paja anangoti, "Mwamva, aphunzitsi?"

Ndinamva. Ndinakhala m'mphepete mwa bedi, ndipo kwa nthawi yoyamba chichokereni kumaliro ndinalira mayi anga bwinobwino, mwana wanga atandigwira phewa. Khanda linali m'tulo, tsaya lili pa makwinya a kiyi, timiyendo tili pa mkanjo wa telala.